Kodi buku la achinyamata lithe mwanayo atadzidziwa kale?

Mlembi wongoyamba

Moni nonse. Ndakhala ndikulemba buku la achinyamata kwa zaka ziwiri, ndipo tsopano ndafika pa mutu womaliza, pamene ndaima miyezi itatu osadziwa kolowera. Mpangankhani wamkulu ndi mtsikana wa zaka 16 amene kuyambira ali wamng'ono wakhala akuona kuti zimene anthu amayembekezera kwa mwana wamkazi, kaya ndi kavalidwe, kayankhulidwe kapena maloto a m'tsogolo, zimamuthina ngati chovala chosokedwera munthu wina. Ali ndi mnzake wapamtima, mtsikana mnzake, ndipo chapakati pa nkhani amazindikira kuti zimene akumva mumtima zapitirira chinzake wamba, ngakhale kuti alibe dzina loti azitchule. Palinso mnyamata wa m'kalasi mwake amene amamufunsira, mwana wofatsa ndithu, yemwe mtsikanayu samuda koma samufuna monga momwe mnyamatayo akufunira. Funso langa ndi ili: kodi bukuli lithe mtsikanayu atanena poyera kuti iye ndi ndani, kapena ndimusiye akadali pa njira? Anthu atatu amene awerenga zolembazi sanagwirizane, ndipo mmodzi wandiuza mosapsatira kuti ndikapanda kupereka yankho ndiye kuti ndachita mantha.

Mphunzitsi wa zolemba

Achemwali, funso lanu ndi lakale kuposa mabuku a achinyamata enieniwo. Nthano za kukula kwa munthu zili ndi dzina la Chijeremani, Bildungsroman, limene mphunzitsi wa pa yunivesite Karl Morgenstern analigwiritsa ntchito pophunzitsa mu 1819, ndipo buku la mlembi wa ku Germany Goethe lonena za Wilhelm Meister, lomwe linatuluka mu 1795 ndi 1796, ndi limene ambiri amalitenga ngati chitsanzo choyambirira. Mtundu wakale wa nthanozi unali ndi mathero odziwikiratu: mnyamata achoka kwawo, alakwitsa, aphunzira, kenaka atenga malo ake pakati pa anthu, kawirikawiri ndi ntchito komanso banja. Mpangankhani akakhala mtsikana njira inkafupika kwambiri, chifukwa kukula kwake kunkathera pa ukwati. Choncho mtolo umene mukuumva, woti mutseke chitseko ndi kukhoma loko, ukuchokera ku kapangidwe ka nthanozi, kamene kanaumbidwa pa nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti malo a aliyense alipo kale ndipo ntchito ya mwana ndi kungowapeza. Mtsikana wanu akukayikira malo omwewo, ndiye n'zosadabwitsa kuti mathero akalewo sakumukwana. Ine ndikadakhala inu ndikadadzifunsa kuti pa tsamba lomaliza mtsikanayu angathe kuchita chiyani chimene pa tsamba loyamba sakadatha.

Mlangizi wa achinyamata

Ndionjezerepo kuchokera ku ntchito yanga, popeza ndimacheza ndi ana a msinkhu umenewu pafupifupi tsiku lililonse. Katswiri wa za maganizo a anthu Erik Erikson, amene buku lake lonena za achinyamata ndi kudzidziwa linatuluka mu 1968, ananena kuti ntchito yaikulu ya msinkhu uwu ndi kuyankha funso loti ndine yani, ndipo anaona kuti wachinyamata amafunika nyengo yoyesa zinthu asanadzipereke ku chimodzi. Katswiri wina, James Marcia, mu 1966 anagawa nkhaniyi m'magulu anayi poyang'ana zinthu ziwiri, ngati munthu wafufuza ndiponso ngati wasankha. Alipo amene sanafufuze ndipo sanasankhe, amene amangoyandama. Alipo amene anasankha osafufuza, amene angolandira zimene makolo kapena anzawo anawapatsa. Alipo amene akufufuza koma sanasankhe, ndipo pomaliza alipo amene afufuza n'kusankha. Mtsikana wa zaka 16 amene ali m'gulu lachitatu sanachedwe ngakhale pang'ono, ndipo ofufuza amene anabwera pambuyo pa Marcia anaona kuti munthu angathe kusankha lero n'kudzabwereranso kukafufuza atakula. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Buku limene likumukakamiza mtsikanayu kutsiriza zonse pa zaka 16 likumupatsa ntchito imene ifeyo akuluakulu sitinaimalize.

Mayi wa ana atatu

Ine ndilowererepo ngati kholo, ndipo mundikhululukire ngati ndikubweza nkhani m'mbuyo. Ndawerenga mabuku angapo amene mwana wanga wamkazi amabwera nawo, ndipo chimene chimandipweteka ndi momwe ambiri amalembera makolo. Mayi amangoonekera akamakalipa, bambo amangoonekera akamaletsa, ndipo aliyense wopitirira zaka 40 amakhala ngati mpanda woti mwana audumphe. Kodi olemba sadziwa kuti kholo limene likukana nthawi zambiri limakhala kuti lagwidwa ndi mantha, poopa kuti mwana wake adzasalidwa, adzanyozedwa kapena adzakalamba ali yekha? Sindibisa kuti nkhani ya atsikana awiri imene a Mlembi akulemba ndi yolemera kwa ine, ndipo mwana wa zaka 12 sindingamupatse kuti awerenge yekha. Komabe musanafike pa mathero, ndikufunsa za mayi ake a mtsikanayu. Kodi ali ndi nkhope m'bukumo, kapena ndi mawu chabe ochokera kuseri kwa chitseko?

Wophunzira wa zaka 19

Amayi, ndamva bwino ndipo za makolo ndikugwirizana nanu, koma pa mathero ndikusiyana ndi Aphunzitsi komanso Alangizi. Ine ndatuluka posachedwapa m'msinkhu umene mukukambawu, ndipo ndikukumbukira bwino momwe ndinkamvera ndikawerenga buku masamba 300 kenaka wolemba n'kuthawa pamene nkhani yafika pampondachimera. Akuluakulu amatcha zimenezi luso, koma wachinyamata amene akuvutika ndi funso lomwelo amaona ngati wauzidwa kuti chinthu chake ndi chochititsa manyazi moti ngakhale buku silingachitchule. Dzina limathandiza, chifukwa munthu akalipeza amadziwa kuti alipo ena onga iye, ndipo amakhala ndi mawu oti afufuzire kapena oti auzire mnzake. Ndaonanso kuti mathero osamveka amagwera kwambiri ana amene ndi osiyana ndi anzawo. Mnyamata ndi mtsikana akakondana, wolemba sachita manyazi kunena kuti akondana, koma akakhala atsikana awiri mwadzidzidzi zonse zimasanduka nkhungu ndi kuyang'anana kopanda mawu. Ngati a Mlembi akusiya chitseko chotsegula chifukwa ndi momwe mtsikanayo alili, palibe vuto, koma ngati akutero poopa owerenga monga Amayi, ndiye kuti mnzawo uja ananena zoona.

Woyang'anira laibulale

Mwana wathuyu wakhudza chinthu chimene chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yoyenera kuidziwa musanalembe mutu womaliza. Buku la John Donovan la mu 1969, limene limadziwika kuti ndi loyamba mwa mabuku a achinyamata ku America kukamba za anyamata awiri okopana, lili ndi chochitika chimene chinadzasanduka chizolowezi: anyamatawo atayandikirana, galu wa mpangankhani agundidwa ndi galimoto n'kufa, ndipo mnyamatayo akhulupirira kuti ndi chilango cha zimene wachita. M'zaka zotsatira mabuku angapo anatsata njira yomweyo ya ngozi, kumenyedwa kapena imfa. Tisaiwale nthawi imene ankalembera, chifukwa bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1973, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachita zimenezo mu 1990. Wolemba wa nthawi imeneyo ankatha kutchula nkhaniyo pokhapokha atailipirira ndi misozi.

Buku la Nancy Garden la mu 1982, lonena za atsikana awiri a ku New York, linali limodzi mwa oyamba kutha ndi chiyembekezo, ndipo mu 1993 linatenthedwa poyera ku Kansas City. Akuluakulu a sukulu za ku Olathe, mzinda wapafupi ndi Kansas City, analichotsa m'malaibulale, ophunzira ndi makolo ena anakasuma, ndipo mu 1995 khoti linagamula kuti kulichotsako kunali kosemphana ndi malamulo. Ndatchula zonsezi pofuna kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene tikuzisakaniza pano. Mathero otseguka ndi ena, mathero olanga ndi enanso. Mtsikana wanu angathe kutsala wopanda dzina lodzitchula, koma owerenga aone kuti ali moyo, ali ndi anthu, ndipo mawa lake lilipo.

Kwa Amayi, nkhawa yanu ya msinkhu ndi yomveka. Nthambi ya bungwe la malaibulale ku America yoona za achinyamata, imene inayamba mu 1957, inati achinyamata ndi ana a zaka 12 mpaka 18, ndipo aliyense amene analerapo mwana akudziwa kuti pakati pa zaka zimenezi pali mtunda wautali. Shelefu imodzi imasunga mabuku oyenera ana osiyana kwambiri, n'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa makolo kuwerenga buku lomwe mwana watenga m'malo mongoyang'ana chikuto.

Mlembi wongoyamba

Amayi, funso lanu landigwira pakhosi. Ndabwerera ku zolemba zanga ndipo ndapeza kuti mayi ake akuonekera kanayi kokha, ndipo katatu konse akudzudzula za zovala. Kwa mng'ono wanga wa zaka 19, ndivomere kuti mantha alipo ndithu, koma ndikaunika bwino si okhawo. Nthawi iliyonse ndikamulembera mtsikanayu chiganizo chodzitchula dzina, chimamveka ngati ndi ine ndikuyankhula, munthu wamkulu amene wawerenga zambiri, osati mwana amene sanauzepo munthu aliyense.

Mkonzi wa mabuku

Zimene mwanena pomalizazi ndiye fungulo, ndipo ndi vuto limene ndimakumana nalo m'zolemba zambiri zimene zimafika pa tebulo langa. Kafukufuku wa kampani ya Bowker mu 2012 anapeza kuti anthu 55 pa 100 aliwonse ogula mabuku a achinyamata anali a zaka 18 kapena kupitirira. Zotsatira zake n'zakuti olemba ambiri, mwina osazindikira, amalembera akuluakulu anzawo, ndipo ana a m'mabuku awo amayankhula ngati amene angotuluka ku msonkhano wa za jenda, mawu onse ali m'malo mwake, osalakwitsa, osadzitsutsa. Mwana weniweni amanama, amaseka chinthu chimene chikumupweteka, amanyoza mnzake chifukwa cha chinthu chomwe iye mwini akuchibisa. Kumbukirani kuti mlembi wa ku America S. E. Hinton anali ndi zaka 18 pamene buku lake loyamba linatuluka mu 1967, ndipo chimene chinakopa achinyamata chinali liwu limene analizindikira kuti ndi la mnzawo.

Tsono ndikufunseni mafunso amene ndikadafunsa mukadakhala mu ofesi mwanga. Kodi mtsikanayu akufuna chiyani china kupatula kudzidziwa? Mabuku a m'ma 1970 amene ankatchedwa nthano za vuto limodzi anafooka chifukwa mwana aliyense ankangokhala chitsanzo cha vuto, wina wa mimba, wina wa mankhwala ozunguza bongo, wina wa makolo osiyana, ndipo vutolo likatha munthu sankatsala. Mupatseni mtsikana wanu chinthu chimene amachikonda mpaka kuiwala kudya, kaya ndi masamu, kuthamanga kapena kujambula, chinthu chimene angathe kuchipeza kapena kuchitaya popanda kukhudzana ndi chikondi. Funso lachiwiri ndi la mnzake uja. Kodi ndi munthu wokhala ndi zofuna zake, kapena ndi mphoto imene ikudikira pa tsamba lomaliza? Iyenso ali ndi ufulu wokana, wochita mantha, kapena wokonda munthu wina. Ubwenzi wa m'buku umakhala weniweni pamene owerenga sangalosere yankho la munthu wachiwiriyo.

Bambo wokonda kuwerenga

Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma palibe amene wanenapo za mnyamata wofatsa uja, ndipo zimenezi zikundiuza kanthu. Tikamakamba za jenda m'mabuku timathamangira kwa atsikana, ngati kuti mnyamata amabadwa atadziwa kale zochita. Chonsecho iyenso amapatsidwa chovala chosokedwa kale: asalire, asaonetse mantha, akhale ndi chibwenzi kuti anzake amuwerengere, ndipo akakanidwa achite ngati sizinamukhudze kapena abwezere mwankhanza. A Mlembi, mnyamata wanuyo akakanidwa amachita chiyani? Ngati angozimiririka, ndiye kuti munamugwiritsa ntchito ngati makwerero. Ngati asanduka chilombo, mwatenga njira yophweka imene olemba ambiri amatenga. Chovuta kulemba ndi mnyamata amene wapwetekeka, wachita manyazi pamaso pa anzake, wayesedwa kuulula chinsinsi chimene wachiona, kenaka n'kusankha kukhala chete. Mnyamata wowerenga bukulo angaphunzire zambiri pa tsamba limodzi lotere kuposa pa ulaliki wa masamba khumi.

Ndikumbutsenso kuti nkhani ya jenda ndi yotakata kuposa ya chikondi. M'buku la mlembi wa ku Zimbabwe Tsitsi Dangarembga la mu 1988, mtsikana apeza mwayi wopita ku sukulu ya mishoni chifukwa chakuti mchimwene wake wamwalira, ndipo mfundo imeneyo yokha imaonetsa mtengo umene banjalo linaika pa mwana wamkazi popanda wolemba kuima pa guwa. Bukulo silitha mtsikanayo atapeza mtendere, limatha atayamba kukayikira zimene ankazisirira, koma palibe wowerenga amene amaona ngati wabedwa.

Wophunzira wa zaka 19

Bambo, chitsanzo chanucho ndachilandira, koma taonani kuti m'buku limenelo owerenga sakayikira kuti vuto ndi chiyani, chifukwa latchulidwa momveka kuyambira pachiyambi. Chimene chatsala chotseguka ndi tsogolo la mtsikanayo. Ine ndikupempha zomwezo. A Mlembi angathe kusiya dzina, koma asasiye chikondicho chili chobisika moti mphunzitsi angathe kuuza kalasi kuti awiriwa anali mabwenzi chabe ndipo palibe amene angamutsutse.

Mlangizi wa achinyamata

Pamenepo ndagonja, mwanena bwino. Ndionjezere chida chimodzi chimene chingathandize pa liwu la mtsikanayu. Katswiri wa za maganizo a ana David Elkind mu 1967 anafotokoza kuti wachinyamata amakhala ngati ali pa bwalo pamaso pa gulu la anthu limene lili m'maganizo mwake mokha, akukhulupirira kuti aliyense akumuyang'ana ndi kumuweruza, ndipo amakhulupiriranso kuti zimene akumva palibe munthu wina anazimvapo chiyambire. Zinthu ziwirizi zimafotokoza chifukwa chimene mwana wobisa chinsinsi amaonera ngati chalembedwa pa chipumi pake. Masiku ano gulu limenelo silikhalanso la m'maganizo mokha, popeza foni imasunga mauthenga ndi zithunzi zimene zingafalikire kalasi yonse usiku umodzi. Mtsikana wanu angalembe uthenga n'kuufufuta kakhumi, angawerenge mawu atatu a mnzake mpaka kuwatopetsa powafunafuna tanthauzo. Kukula kwake kungaoneke pa tsiku limene azindikira kuti anthu ambiri ali otanganidwa ndi mantha awoawo, ndipo gulu limene ankaliopa ndi la anthu awiri kapena atatu amene maganizo awo ndi ofunikadi.

Mayi wa ana atatu

A Mlembi, zikomo poyankha moona mtima. Sindikupempha kuti mayiyo avomereze zonse pa mutu womaliza, chifukwa zimenezo zingakhalenso bodza, ndipo ine ndemwe sindingalonjeze kuti ndikadavomereza tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti nayenso akhale ndi mbiri. Mwina ali mtsikana anafuna chinthu chimene anauzidwa kuti si cha akazi, anachisiya, ndipo tsopano akaona mwana wake akukana kugonja amamva mkwiyo ndi nsanje ndi kunyadira nthawi imodzi, osadziwa kuti atulutse chiti. Kudzudzula za zovala kuja kungakhale njira yokhayo imene akuidziwa yonenera kuti ndikuopa. Mukalemba choncho, mwana wowerenga adzayang'ana mayi ake mwa njira ina, ndipo kholo lowerenga silidzatseka buku pa tsamba la 50 poona kuti latukwanidwa.

Woyang'anira laibulale

Zimene Amayi anenazi zikugwirizana ndi fanizo la katswiri wa mabuku a ana Rudine Sims Bishop la mu 1990, loti mabuku amakhala kalirole kwa ena, windo kwa ena, ndipo nthawi zina chitseko choti munthu alowere m'moyo wa mnzake. Kwa wophunzira wathuyu buku lotere ndi kalirole, n'chifukwa chake sakufuna kuti lipakidwe utsi. Kwa Amayi ndi windo, ndipo akufuna kuti akasuzumira aonemo munthu wofanana nawo. Vuto limabwera wolemba akasamalira owerenga a pa windo okha. Buku la Julie Anne Peters la mu 2004, limodzi mwa oyamba a achinyamata kukamba za mwana amene anabadwa ndi thupi la mwamuna koma amadzidziwa kuti ndi mtsikana, likusimbidwa ndi mng'ono wake, ndipo ena analidzudzula chifukwa chakuti mwini nkhani akuonedwa kudzera m'maso mwa munthu wina amene akulemedwa naye. A Mlembi, ngati mwasankha kuti mtsikanayo asimbe yekha, musamulande liwu pa tsamba lomaliza.

Mphunzitsi wa zolemba

Ndibwerere ku funso langa loyamba, popeza tsopano lili ndi mnofu. Pa tsamba loyamba mtsikanayu sangathe kuuza munthu aliyense zimene akumva. Ngati pa tsamba lomaliza angathe kuuza munthu mmodzi, m'mawu akeake, ngakhale opunduka, kusintha kwachitika ndipo owerenga akuona. Mawu a m'mabuku a akatswiri angadzabwere ali ndi zaka 20 kapena osabwera n'komwe. Chimene ndingachenjeze n'chakuti musalembe yankho la mnzakeyo mongofuna kusangalatsa gulu lino, chifukwa mwamva kale kuti sitigwirizana.

Mlembi wongoyamba

Ndathokoza nonse, ndipo ndaona kuti vuto silinali pa mutu womaliza wokha. Ndibwerera ku mutu wachisanu ndi chimodzi kukampatsa mayi uja usiku umodzi wa iye yekha, ndipo mnyamata uja ndimusungira tsamba limene Bambo afotokoza, ngakhale kuti ndikuganiza kuti adzayamba waulula theka la chinsinsicho kwa mnzake mmodzi asanadzigwire, chifukwa ali ndi zaka 16 ndipo wapwetekeka. Mtsikanayo adzamuuza mnzake momveka kuti amamukonda, m'mawu amene mphunzitsi aliyense sangawapotoze, koma dzina lodzitchula sindimupatsa. Yankho la mnzakeyo ndalilemba kawiri, lina lovomera ndi lina lopempha nthawi, ndipo onse awiri ndawasunga. Mng'ono wanga wa zaka 19, ngati muli ndi mpata sabata ino ndikufuna ndikutumizireni onse awiri kuti mundiuze limene likumveka ngati la mtsikana wa msinkhu umenewo.

Wophunzira wa zaka 19

Tumizani, achemwali, ndiwerenga Loweruka ndikamaliza mayeso. Mutumizenso mutu umene awiriwo anakangana koyamba, chifukwa sindingadziwe momwe mnzakeyo angayankhire ndisanamve momwe amayankhulira akakwiya.